Mlandu wa a Chipewa

Make mapasa anali ndi funso limodzi loti afunse mwamuna wake, ndipo funsolo linamukhala pakhosi pafupifupi mwezi wathunthu. Silinali funso lovuta kulitchula ayi. Mwana wasukulu akanalinena ndi mpweya umodzi: kodi bambo anga abwere tizikhala nawo? Koma mwana wasukuluyo sanakwatiwe ndi a Mkonzi.

A Mkonzi ankagwira ntchito pakampani yosindikiza mabuku, ntchito yosaka zilembo zolakwika ndi timadontho tosochera mabukuwo asanapite pamakina. Anali munthu wabwino, tisawanamizire. Mowa ayi, dzanja ayi, kuyendayenda ayi. Chilema chawo chinali chimodzi: akati ayi, ayi wakeyo ankakhala ngati wasindikizidwa kale, wosafufutika ngakhale eni ake ataona okha kuti aphonya. Make mapasa anazidziwa zimenezi ukwati udakali wauwisi, tsiku limene anafunsa maso ndi maso ngati angagule makatani atsopano. Makatani akalewo anakhala pamawindo mpaka mapasa anayamba kuyenda n'kuwang'amba okha. Chiyambire pamenepo, nkhani zikuluzikulu za m'nyumbamo zinkadzera pa TV.

Panali sewero lina la banja limene linkaonetsedwa madzulo alionse anthu akangoweruka, la mtundu uja wosatha, woti ochita sewerowo amamera imvi inu mukuwaona. Awiriwa ankakhala pampando wautali, tiyi ali patebulo, n'kumaweruza milandu ya anthu a pagalasiwo. Make mapasa akanena maganizo ake, a Mkonzi ankatsutsa kaye, chifukwa kutsutsa kunali m'magazi mwawo. Koma poti mlanduwo unali wa eni ake a pa TV, ankatha kubweza mawu popanda kuchita manyazi. Mwana wa m'sewero atalephera mayeso, awiriwa anakangana sabata yonse za sukulu yogonera konko, ndipo chaka chotsatira mapasa anapita kusukulu yogonera konko. Firiji inalowa m'nyumbamo mwa njira yomweyo. Onse ankadziwa zimene ankachita, koma panalibe anaulula.

Tsopano nkhani imene inalipo inali yoposa firiji. Bambo ake a make mapasa ankadwala shuga, maso anali atayamba kuchita mdima, ndipo pamwendo panali bala losamva mankhwala, lofunika kuonetsa kuchipatala pafupipafupi. Ankakhala m'tauni ina ndi mwana wawo wamwamuna, mlongo wake wamng'ono wa make mapasa, amene onse ankangomutcha Makaniko. Kampani yomanga misewu imene Makaniko ankagwirako ntchito inali kumutumiza kutali, kumisasa ya antchito kosaloledwa mabanja. Bambowo anayenera kupita kwina. Kwinako kunali kuwiri basi: kwa azakhali, mlongo wawo wokalamba ngati iwo omwe, kumene chipatala n'chokwerera basi tsiku lonse, kapena kwa make mapasa, kumene chipinda cha mapasa chinali chokhoma chichokereni anawo kupita kukoleji.

A Mkonzi za kusamutsidwa kwa mlamu wawo anazimva. Anati, "Oho," n'kupitiriza kuwerenga.

Ndiye taganizani chimwemwe cha make mapasa pamene sewero lija linatulukira ndi nkhalamba yatsopano, bambo wina wosavula chipewa ngakhale patebulo, amene anabwera kudzakhala ndi mwana wake wamkazi, nesi, pamodzi ndi mwamuna wa nesiyo. M'nyumba mwa a Mkonzi anthu a m'sewero sankatchulidwa maina awo. Awa anangokhala a Chipewa, Nesi ndi Mkamwini. Make mapasa anaona ngati kumwamba kwamuyankha. Komabe nkhaniyi anaiopa. Akanati atamande Nesi, a Mkonzi n'kutsutsa mwachizolowezi, kutsutsako kukanatha kuuma n'kusanduka ayi weniweni. Choncho sananene maganizo ake, ankangofunsa.

"Kodi Mkamwiniyu, inu mukuona kuti mumtima mwake muli chiyani?" anafunsa tsiku lina, akuwathirira tiyi.

"Mumtima mwake mulibe kanthu," a Mkonzi anayankha. "Muli zimene olemba aikamo m'mawa uno. Sabata yatha si yemweyu anabereka a Chipewa kumsana pamasitepe, misozi ili mbwembwembwe? Lero akuwabisira rimoti. Chachitika n'chiyani pakatipa? Munthu sasintha popanda chifukwa, amayi."

"Mwina watopa."

"Akanationetsa kutopako. Tamuonani tsopano, wadzitsekera kuchipinda, akuuza khoma kuti wakwiya kwambiri. Munamuonapo ndani akuuza khoma kuti wakwiya? Munthu wokwiya amatsuka kapu yoyera kale. Amafunsa kuti nsapato zake zili kuti akuziona. Awa akulemba ngati ana a sitandade."

"Chabwino, olemba alakwa. Koma mukanakhala inu pamalo pa Mkamwini..."

"Ndikanakhala ine, olembawo ndikanawachotsa ntchito onse, kuyambira wamkulu wawo."

Make mapasa anaika ketulo pansi mwaulemu kwambiri, chifukwa mtima unkamuuza kuti awathire tiyiyo pamutu.

Zinkayenda choncho madzulo ndi madzulo. Iye akaponya funso la mtima, iwo ankabweza yankho la kalembedwe. Akafunsa ngati Nesi akulakwa kuika bambo ake patsogolo, ankauzidwa kuti Nesi sangalakwe poti alibe khalidwe, lero mkango mawa nkhosa. Akafunsa ngati nyumba ingakhale ndi mtendere muli nkhalamba, ankauzidwa kuti nyumba ya m'seweroyo dzulo inali ndi khomo kumanzere, lero lili kumanja. Ndipo choipa chake n'chakuti a Mkonzi sankanama. Olembawo analidi ndi manja olemera. Sabata ina a Chipewa anali mngelo wopemphera asanamwe madzi. Sabata yotsatira anawasandutsa kazitape, womvetsera pazitseko n'kumadanitsa banja. Kenako anaiwala dzina lawo lomwe, ndiye Lachisanu n'kulikumbukira atangomva nyimbo. Make mapasa olembawo sankawadziwa, koma akanakumana nawo pamsewu akanawasita ndi simbi yamoto. Munthu akufuna kumanga nkhani ya moyo wa bambo ake, iwo ali kalikiliki kugwedeza maziko.

Simbi anali nayo pafupi, pakuti ankagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala, kachipinda kotentha kuseri kwa kauntala, kodzaza nthunzi ndi fungo la sopo, masuti a eni ake ali ndandanda pamahang'ala. Foni ya Makaniko inamupeza pamenepo, akulimbana ndi kolala ya malaya oyera.

"Achemwali, alamu mwawafunsa?"

"Nkhani ikuyenda, iwe. Usandithamangitse."

"Ikuyenda kupita kuti? Galimoto ya kampani ikubwera kumapeto kwa mwezi, ndipo sindisiya bambo pakhonde ngati katundu. Azakhali avomera kale, koma bala lija mukulidziwa inu. Kumene kuja mwendo uja akaudula. Mungowafunsa basi, safunsa anadya phula."

"Alamu akowo suwadziwa."

"Ndiye ndiwaimbire ndekha?"

"Usayerekeze! Undipatse masiku ochepa."

Atadula foni anapeza kolala yachita chikasu. Anatukwana chamumtima n'kuyamba kuinyowetsa.

Patebulo lina panali mnzake amene onse ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. Nkhani yonse ankaidziwa, ndipo sewerolo ankaliona nayenso.

"Amake mapasa, inu mumandimvetsa chisoni," anatero Wailesi, akupinda bulangete. "Amuna anuwo si aja mukati kunja kukutentha amakavala jekete?"

"Omwewo."

"Mukati mpunga wapsa bwino, amati wauma?"

"Ukuwadziwa ngati unabadwa nawo."

"Ndiye mukuvutikiranji? Lekani kufunsafunsa ngati wapolisi. Inyozeni nkhalambayo. Nenani kuti Nesi ndi chitsiru, bambo ake akanawathamangitsa kalekale. Iwo adumpha, awaikira kumbuyo a Chipewa, anena ndi pakamwa pawo kuti kholo silitayidwa. Inu pomwepo n'kuwagwira mawu: poti mwanena nokha, bambo anga akubwera Loweruka. Athawira kuti?"

Make mapasa anaimika simbi. Anaganiza, naonadi kuti nzeruyo inali yokwana pa a Mkonzi ngati suti yoyezera. Zaka zonsezi bamboyo sanalolepo chiganizo cha mkazi wake kudutsa osachikonza. Kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo, anaseka.

Madzulo a tsikulo anafulumira kufika kunyumba, nawiritsa tiyi, nakhala pamalo pake mawu atawakonza kale. Koma olemba aja, amene mwezi wonse ankalemba ngati akuthawa mvula, anasankha tsiku lomwelo kulemba bwino. A Chipewa anagwa kubafa. Panalibe nyimbo yolira, panalibe wouza khoma za mumtima. Anangoonetsa Nesi m'mamawa, atavala kale yunifomu, akuchapa nsalu za pabedi za bambo ake pasinki, akuyang'anayang'ana kukhomo kuti mwamuna wake asaone. Mkamwini anaima pakhomopo, anaona, nabwerera chakumbuyo osanena kanthu.

"Eya," anatero a Mkonzi chapansipansi. "Lero alemba. Ameneyu ndi wina, si aja a masiku onse."

Make mapasa anaika kapu yake pansi. Nthawi inali imeneyo.

"Nesi ndi chitsiru," anatero.

A Mkonzi anatembenuka.

"Ndi chitsiru, ndikutero ine. Munthu wagwira ntchito tsiku lonse, miyendo yatupa, abwere kunyumba adzayambenso kuchapa zonyansa za munthu wamkulu? Adzifera chani? Nkhalamba imeneyo akanaipititsa kwa abale ake."

Anadikira. A Mkonzi anangomwako tiyi. Make mapasa anaona kuti moto sunagwire, nawonjezera nkhuni. Ndipo apa m'pamene panachitika chinthu chimene Wailesi sanamuchenjeze. Mawu amene anakonza anatha, koma pakamwa sipanatseke. Panabwera ena, osakonzekera, oyenda okha ngati madzi a paipi yophulika.

"Inu simudziwa. Nyumba yonse imayamba kununkha mankhwala, makatani, zovala, ngakhale buledi. Bala loti ulitsuke m'mawa, madzulo lanyowanso. Shuga wabisa, iwo aupeza, ndiye wolakwa ndiwe. Chimbudzi uwaperekeze, chipatala uwaperekeze, pamzere uime ndiwe, kuntchito akudule tsiku. Ana angochoka kumene, munthu wayamba kupuma, kugona tulo tokwanira, ndiye ayambenso kulera? Khanda limakula, limasiya matewera. Nkhalamba imangopitirira kutsika. Ine m'nyumba mwanga ayi. Sindingathe."

Anasiya. Za shuga ndi bala m'sewero munalibe. A Chipewa mwendo wawo unali bwinobwino. Zimenezo make mapasa anazizindikira zitatuluka kale, ndipo anadziuza kuti ndi ukatswiri chabe, kuti nyambo ikome.

A Mkonzi anatenga rimoti n'kuchepetsa mawu a TV.

"Mukunena zoona, amayi?"

Apa, anaganiza make mapasa. Akubwera tsopano.

"Zoona zenizeni."

A Mkonzi anamuyang'ana nthawi yaitali, maso aja amene ankayang'anira tsamba lokayikitsa. Kenako anati, "Ndamva," nabwezera mawu a TV.

Basi. Munthu amene anatsutsapo mkazi wake za tsiku limene mkaziyo anabadwa, madzulo amenewo anati ndamva. Make mapasa anakhala kakasi mpaka maina a ochita sewero anayamba kukwera pagalasi. Analowa kukhitchini n'kutsuka makapu, ndi ena oyera kale.

Masiku otsatira anayesa kukonza zinthu. Ankati, "Komatu a Chipewa akumvetsa chisoni," a Mkonzi n'kuti, "Ee." Ankati, "Mkamwini uja mtima alibe," iwo n'kuti, "Kaya." Ngakhale tsiku limene olemba akale aja anabwerera n'kuukitsa mkazi wa a Chipewa amene anamwalira kalekale, ati anali kunja kwa dziko, a Mkonzi sanathirepo ndemanga. Ankamuthirira okha tiyi mkazi wawo, n'kumufunsa ngati miyendo ikupweteka. Make mapasa ulemu umenewu unkamupsetsa mtima kuposa mkangano. Wailesi anati adekhe, nsomba yaikulu imachedwa kumeza.

Foni ya Makaniko inabweranso Lachinayi chakumasana, iye akusita diresi la ukwati la munthu wina.

"Achemwali, musavutikenso. Nkhani yatha. Bambo anyamuka mawa m'mawa, akupita kwa azakhali."

"Iwe, wapenga? Ndinati undidikire!"

"Ndinadikira. Dzulo ndawaimbira alamu."

Make mapasa anakhala pamulu wa mabulangete.

"Akana?"

"Iwo sanakane. Anati chipinda chilipo, ndipo akanakonda. Koma anati inuyo mwatopa, simungathe. Anati fungo la mankhwala, bala, mizere yakuchipatala, zonsezo mwanena nokha kuti m'nyumba mwanu ayi. Anandipempha kuti ndisakuweruzeni, ati mwalera mapasa, mwagwira ntchito yoimirira zaka zonsezi." Mawu a Makaniko anali ouma ngati a munthu wakuofesi. "Mukanangondiuza ine, achemwali. Sindikanakukakamizani."

"Bambo wawauza chiyani?"

"Sindinawauze kanthu. Ndinkawatsuka bala, manja onse ali ndi magolovesi, foni ndinaiika pampando kuti izimveka mokweza. Amva okha."

Make mapasa anazimitsa simbi, chokhacho anakumbukira. Anatuluka ndi epuloni yake, Wailesi akumuitana kumbuyo. Kampani ya a Mkonzi inali kutsidya kwa msika, kuseri kwa mashopu ogulitsa matayala, ndipo njira yonse anayenda akukangana nawo mumtima, akupambana mfundo iliyonse.

M'kati munali phokoso la makina ndi fungo la inki. Anadutsa pakati pa milu ya mapepala, anyamata a pamakina akumupatsa moni amene sanayankhe, nakankha chitseko cha kaofesi ka galasi kumapeto. A Mkonzi anali ataweramira tsamba, rula ili pansi pa mzere, bolopeni yofiira ili kukhutu.

"Munawauza chiyani alamu anu?"

A Mkonzi anavula magalasi. "Tsekani chitseko, amayi."

"Ndikufunsa, munawauza chiyani?"

"Zimene munanena."

"Ndimanena za a Chipewa! Za munthu wa pa TV!"

"Amayi," anatero a Mkonzi modekha, kudekha kuja kopweteka mutu, "m'nyumba mwathu muja tinayamba liti kunena za a Chipewa tikutanthauza a Chipewa? Mapasa anapita kusukulu chifukwa cha mwana wa ndani? Ndipo a Chipewa ali ndi bala? Amadwala shuga? Ine zolembedwa ndimawerenga, zosalembedwanso ndimaziona."

"Ndimafuna munditsutse! Mumanditsutsa pa chilichonse! Ndikati mchere wakwana, mumathira wina. Tsiku limodzi lokha limene ndinafuna kuti munditsutse, inu n'kuti ndamva?"

"Za mchere ndingakutsutseni. Za sewero ndingakutsutseni mpaka mawa. Koma bambo ndi anu, wochapa nsaluzo mukanakhala inu. Ine ndine ndani woti ndikuuzeni kuti simunatope?"

"Nanga mwezi wonsewu? Ndikufunsani za Mkamwini, inu mukundiuza za khomo la kumanzere!"

"Ndinkadikira inu. Munkangofunsa, osanena. Ndinati ndikayamba ndine kunena kuti abwere, muvomera chifukwa cha manyazi, mudzavutika mwakachetechete ngati Nesi pasinki paja. Ndiye tsiku lija munanena. Ndinafufuza chifukwa chake, monga ndimachitira. Munthu salankhula choncho popanda chifukwa."

"Ndimachita sewero!"

A Mkonzi anapukuta magalasi ndi tayi. Anayang'ana pansi, ndipo zinkaoneka kuti akulimbana nawo mawuwo kuti asatuluke, koma chizolowezi cha ntchito chinawaposa mphamvu.

"Ngati linali sewero, amayi, ndiye linalembedwa bwino kuposa onse amene taonera limodzi."

Make mapasa anafuna kukuwa. Anafuna kutenga milu ya mapepalayo n'kuimwaza. Anakwiyira Wailesi, anakwiyira olemba, anakwiyira Makaniko ndi magolovesi ake, anakwiyira mwamuna uyu amene kwa nthawi yoyamba anamumvera, n'kumumvera pamalo olakwika. Ndipo pansi pa mkwiyo wonsewo panali mantha, chifukwa a Mkonzi ankalakwa zinthu zambiri, koma pa zowerenga sankalakwa kawirikawiri.

"Ndiye mukuti abwere?" anafunsa. Linali funso lomwe lija, ndipo linatuluka ndi mpweya umodzi.

"Abwere lero lomwe. Ndikakonza chipinda ndikaweruka."

Anatuluka panja, naima pamthunzi wa khoma pafupi ndi mulu wa matayala akale, naimba foni. Makaniko anayankha mozizira.

"Ndipatse bambo."

Panamveka kukhwekhwereza kwa mapazi, chitseko, kenako kupuma kolemera kumene ankakudziwa.

"Bambo, ndine. Musapite kwa azakhali. Mubwere kuno, chipinda chilipo, apongozi anu avomera. Ndibwera ndekha kudzakutengani."

"Zikomo kwambiri, mayi a mapasa," anatero bambowo. "Mwachita bwino kuimba. Ana ali bwanji kukoleji?"

 Chibadwire make mapasa, bambo ake sanamutchulepo inu. Ngakhale tsiku la ukwati wake anali iwe.

"Bambo, zimene munamva dzulo si zoona. Panali kusamvana. Ine ndimanena za sewero la pa TV. Muli nkhalamba ina m'menemo, imakhala kwa mwana wake wamkazi. Ndimanena za imeneyo, ndimafuna kuti apongozi anu..."

Anaima. Akanafotokoza bwanji za Wailesi, za makatani, za mwamuna amene uyenera kumuuza kumanzere kuti apite kumanja? Pamsewu panadutsa lole, ndipo anadikira phokoso lithe.

"Sewero," anatero bambowo pang'onopang'ono. "Ine maso anathawa, za pa TV sindizitsata. Ndiye kuti mumanena za nkhalamba ina."

"Eya, bambo. Ina."

"Oho. Inalakwa chiyani nkhalambayo?"

Make mapasa anatsegula pakamwa. Akanatha kunena kuti inali kazitape, yomvetsera pazitseko, yodanitsa banja; olemba aja anali atamupatsa milandu yokwanira. Koma madzulo aja sanatchule ngakhale umodzi mwa milandu imeneyo, ndipo bambo ake anali atamva mndandanda wonse wa zimene anatchula, mwendo uli m'beseni.

"Sinalakwe kanthu," anatero. "Inangokalamba. Imadwala."

 

"Ndiye mlandu wake ndi wanga womwewu," anatero bambowo, mopanda ukali. "Musadandaule, mayi a mapasa. Azakhali anu mphuno zinasiya kale kumva fungo. Tikasungana."

"Bambo, chonde. Ndikubwera ndi basi ya m'mawa."

"Mukatipeza titanyamuka. Musajombe kuntchito, angakuduleni tsiku."

Kenako anamva mawu awo akutalikira, akuitana Makaniko kuti abwere atenge foni yake, iwo sakuona pozimitsira.